Diski yachiwiri yagwa rebuild ili mkati, ndigwire pati abale?

Wa ku Chikanda, Lachisanu 12:41
Akuluakulu, pepani ndakusokonezani nthawi ya nkhomaliro, koma ndili m'madzi. Seva ya ku ofesi kwathu ili ndi madiski anayi, iliyonse ya 4 TB, omangidwa kukhala gulu limodzi la RAID 5 ndi pulogalamu ya mdadm, pa Debian (mtundu wa Linux) wakalekale amene ndinamupeza pobwera. Lachitatu anthu anayamba kudandaula kuti mafayilo akuchedwa kutseguka. Nditasuzumira mu /proc/mdstat ndinapeza [UU_U] (U aliyense ndi diski imene ikugwira ntchito), kusonyeza kuti diski yachitatu yatuluka m'gulu. Dzulo ndinakwera minibasi wa ku Limbe kukagula ina. Lero cha m'ma 6 koloko m'mawa ndaiika, rebuild (kumanganso deta ya diski yotulukayo pa yatsopano) nkuyamba bwinobwino, ine ndikungoona manambala akukwera mtima uli m'malo. Itafika pa 71 peresenti, zii. Pano ikuonetsa [U__U], foda ya aliyense sikutseguka.

Mmenemo muli malipiro a mwezi uno, makalata onse amene tinawajambula pa sikana, komanso zithunzi ndi mavidiyo a ntchito za kumudzi za zaka zisanu. Zonse pamodzi ndi 2.6 TB. Bakapu yomaliza ndi ya mu Novembala. Abwana abwera kale kawiri pakhomo la chipinda changa. Manja akunjenjemera, chonde ndithandizeni.

Wa ku Chinamwali, 12:46
Achemwali musade nkhawa. Pangani mdadm --create ndi madiski omwewo, muwonjezere --assume-clean. Ine ndinaona pa YouTube wina atachita choncho zonse zinabwerera.

Madala a ku Old Naisi, 12:48
Ayi. Mwanawe, chotsa kaye manja pa kiyibodi. Lamulo limenelo usalilembe.

Madala a ku Old Naisi, 12:55
Achimwene a ku Chinamwali, sindikukunyozani, ndikudziwa mukufuna kuthandiza. Koma --create imalemba chizindikiro chatsopano pamwamba pa chakale pa diski iliyonse. Chizindikiro chakalecho, chimene timati superblock, ndi chimene chikudziwa kuti diski iti ndi yoyamba, iti ndi yachiwiri, zidutswa zake ndi zazikulu bwanji, ndipo deta ikuyambira pati. Mukachifufuta nkuphonya chimodzi mwa zimenezi, mafayilo amasanduka phala. Ndiponso mdadm wa lero sayambira pamalo pamene mdadm wa zaka zapitazo ankayambira. Wa pa YouTube uja zinamuyendera mwamwayi, ndipo amene zinawakanika sajambula vidiyo. Madzi akatayika saoleka.

Mwanawe, panopa deta yako ilipo ndithu. Diski imene yatuluka lero sinafe, yangokanika kuwerenga malo ena ochepa. Chimene chingaononge zinthu tsopano ndi kulemba pa madiskiwo. Ndiye usalembe kanthu. Usachite fsck (lamulo lokonza dongosolo la mafayilo), usabwezeremo diski, usayambitsenso rebuild. Ima kaye ndi mdadm --stop /dev/md0, kenako utitumizire zimene zituluke pa mdadm --examine pa diski iliyonse, kuphatikiza yakale imene unaichotsa ija. Uli nayo, eti?

Wa ku Chikanda, 12:58
Ndili nayo bambo, ili mu dirowa. Ndinangoikulunga m'pepala la diski yatsopano. Ndiilumikiza pa kompyuta ina.

Mayi a ku Matawale, 13:04
Chemwali, musanapite patali, tengani kope ndi cholembera. Lembani lsblk -o NAME,SIZE,SERIAL, mukopere nambala ya diski iliyonse m'kopemo ndi malo amene yakhala m'bokosi. Mayina aja a sda, sdb, sdc amasintha mukazimitsa nkuyatsanso, makamaka mukasuntha zingwe. Imene ili sdb pano ikhoza kudzuka ili sdc. Nambala ya serial yokha ndi imene sisintha. Ine ndimamata kapepala kutsogolo kwa diski iliyonse kokhala ndi manambala anayi omaliza. Ndinaonapo munthu akuzula diski yabwino m'malo mwa yodwala chifukwa chodalira zilembo zimenezi, ndipo analira ngati mwana.

Abwanawo auzeni zoona: lero seva sidzuka, mwina Lolemba. Mukawapatsa chiyembekezo cha ola limodzi, azingobwera pakhomopo ndipo mulakwitsa chifukwa cha phuma.

Wa ku Chikanda, 13:31
Ndawauza mayi. Sanasangalale koma amvetsa. Zimene zatuluka ndi izi. Yoyamba Events 48213. Yachinayi 48213. Yachiwiri, imene yagwa lero, 48196. Yatsopano ikuti spare. Yakale ya mu dirowa ikuti 31004, ndipo Update Time yake ndi ya masabata atatu apitawo!

Madala a ku Old Naisi, 13:40
Waona tsopano. Diski ija sinatuluke Lachitatu. Inatuluka masabata atatu apitawo, seva yakhala ikuyenda ndi miyendo itatu nthawi yonseyi popanda wodziwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma nkhani yabwino ndi yakuti pa Events, nambala yowerenga zosintha za gulu, yachiwiri yangotsalira ndi 17 poyerekeza ndi anzake. Kusiyana kochepa chonchi kumatheka kukonza. Ya mu dirowayo yatsalira kwambiri, siingalowenso m'gulu, koma usaitaye ndipo usalembepo kanthu.

Tsopano smartctl -a, lamulo loonetsa thanzi la diski, pa zonse zisanu. Ndikufuna mizere ya 5, 9, 197, 198 ndi 199. Uyesenso smartctl -l scterc pa imodzi mwa zakalezo.

Wa ku Thondwe, 13:44
Pepani kudula nkhani, ine ndi mwana wa sukulu, ndikungophunzira kumene za maseva. Chifukwa chiyani ikafa imodzi zinthu zimayendabe koma zikafa ziwiri basi zatha? Si madiski awiri atsalabe ali bwino?

Mayi a ku Matawale, 13:57
Funso labwino mwana wanga, safunsa anadya phula. Taganiza za buku la banki m'khonde. Amayi atatu asonkha: wina 3,000, wina 5,000, wina 2,000. Mlembi walemba mizere itatuyo, pansi pake nkulemba kuti zonse pamodzi 10,000. Buku lanyowa ndi mvula, mzere wa mayi wachiwiri wafufutika. Palibe vuto, uchotsa 3,000 ndi 2,000 pa 10,000, upeza 5,000. Nanga ikafufutika mizere iwiri? Ungodziwa kuti awiriwo anasonkha 7,000 kapena 8,000 pamodzi, koma wina anapereka zingati sungadziwe.

RAID 5 imachita zomwezo, kungoti m'malo mophatikiza imagwiritsa ntchito masamu a XOR, ndipo mzere wa "zonse pamodzi" uja, umene amati parity, sukhala pa diski imodzi, umazungulira pa madiski onse. Nchifukwa chake madiski anayi a 4 TB amakupatsa malo a 12 TB, malo a diski imodzi amapita ku parity. Fayilo iliyonse yaikulu imadulidwa zidutswa nkumwazidwa pa madiski onse, ndiye awiri otsalawo ali ndi zidutswa chabe, osati mafayilo athunthu. RAID 6 ili ndi mizere iwiri ya parity, imapirira imfa ziwiri. RAID 1 ndi kalilole, zimene zili apa zili apo. RAID 0 ilibe chitetezo chilichonse, ikafa imodzi zonse zapita.

Wa ku Thondwe, 14:00
Zikomo mayi, lero ndiye ndamva. M'kalasi anangotiuza kuti dzinali linachokera ku University of California ku Berkeley mu 1988, kwa a David Patterson, a Garth Gibson ndi a Randy Katz, koma za mmene zimayendera sindinazigwire.

Wa ku Chikanda, 14:12
Bambo, nazi. Yachiwiri: 5 ili pa 24, 197 ili pa 56, 198 ili pa 56, 199 ili pa 0. Yoyamba ndi yachinayi zili ndi 0 ponseponse. Maola pa mzere wa 9 ndi pafupifupi 26,900 pa zonse zinayi zakale, ndipo manambala a serial ndi otsatizana. Chondidabwitsa ndi ya mu dirowa: 5, 197 ndi 198 zonse 0, koma 199 ili pa 1,140. Za scterc ikuti not supported.

Madala a ku Old Naisi, 14:30
Chithunzi chonse chaoneka. Ndifotokoza pang'onopang'ono kuti ndi enanso apindule.

Mzere wa 199 umawerenga zolakwika zochitika panjira, pakati pa diski ndi kompyuta. Kawirikawiri ndi chingwe cha SATA chokhwepa kapena chotha, kapena pobayira pake. Ndiye diski imene unaiyesa yakufa ija mwina ilibe matenda, chingwe ndiye chinaigwetsa. Ukanadziwa tsiku lomwelo, ukanangosintha chingwe nkuibwezera ndi --re-add, ndipo ngati bitmap (kaundula wa malo amene asintha) inali yoyatsa ikanangolemba zimene inaphonya, nkhani ya mphindi zochepa. Chingwe chimenecho, chimene walumikizapo diski yatsopano, chichotse lero lomwe.

Yodwala yeniyeni inali yachiwiri. Mzere wa 197 ukunena kuti pali malo 56 amene diski yalephera kuwerenga. Malo amenewa akhoza kukhala kuti anaola chaka chatha, koma palibe amene anatsegula fayilo yokhala pamenepo, ndiye palibe anadziwa. Rebuild ndiye imawerenga chilichonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pa madiski onse otsala. Pa 71 peresenti inaponda pamalo owolawo.

Apa ndiye pabwera nkhani ya scterc. Madiski opangira maseva ndi ma NAS (mabokosi osungira mafayilo pa netiweki) akalephera kuwerenga malo ena amayesa masekondi 7 okha, kenako amavomera kuti zakanika, RAID nkudziwa chochita. Madiski wamba a pa desiki alibe malire amenewo, amangokakamira kuyesa, nthawi zina kupitirira mphindi yathunthu, ali chete osayankha. Koma Linux imadikira masekondi 30 basi. Akakwana imaganiza kuti diski yafa, imadula kulumikizana, mdadm nkuitulutsa m'gulu. Diski yathunthu kuthamangitsidwa chifukwa cha malo osakwana 30 KB. Pa madiski otere, nambala ya mu /sys/block/sdb/device/timeout imayenera kukwezedwa kufika pa 180, ndipo izi zimafunika kuchitika nthawi iliyonse seva ikayaka.

Wa ku Chinamwali, 14:36
Madala ndagonja, pepani achemwali ndikanakugwetsani m'dzenje. Ndiye pano angokweza timeout nkukakamiza ndi --force?

Madala a ku Old Naisi, 14:49
Njira ndi yomweyo koma pali sitepe patsogolo pake. Diski yodwala sitiyisenzetsa katundu. Tiyambe taikopera yonse ku diski ina yabwino ndi ddrescue, kenako tigwire ntchito ndi kopeyo. Ubwino wa ddrescue ndi wakuti imayamba kutenga malo osavuta, ikafika povuta imadumpha, nkudzabwererako pomaliza. Imasunganso mapfile, kafayilo kolemba pamene yafika, ndiye magetsi akathima pakati imadzapitiriza pomwepo. Kwathu kuno, nyengo ya mvula ndi ziphaliwali ngati ino, kafayilo kameneko ndi golide. Kasungidwe pa fulashi, osati pa madiski a RAID.

Koyamba: ddrescue -f -n gwero kopita mapfile. Ikamaliza: ddrescue -f -d -r3 ndi mayina omwewo, kuti iyesenso katatu malo ovuta aja. Mayina uwatenge mu /dev/disk/by-id chifukwa muli serial. Uwerenge lamulolo katatu usanadine Enter. Ukatembenuza gwero ndi kopita, ukhala wafufuta diski ya malipiro ndi dzanja lako.

Vuto ndi lakuti pakufunika diski ina ya 4 TB kapena kuposerapo. Yatsopano ija ndikufuna ikhale kaye momwemo.

Wa ku Chikanda, 14:52
Ndalama ya diski ina palibe bambo. Ya dzulo ija ndinachita kupempha mpaka kugwada, mitengo yake mukuidziwa mmene yakwerera.

Mayi a ku Matawale, 14:55
Ndili ndi ya 6 TB yopanda kanthu, ndimasungira tsiku ngati lino. Tumizani wakabaza, ndikutumizirani nambala kumbali. Ndiikulunga bwino m'katoni, mumuuze asaiike pa keriyala, ainyamule m'chikwama chakumsana. Mabampu a msewu wa kuno ndi okwanira kupha diski. Mubweza mukamaliza.

Wa ku Chikanda, 14:57
Mayi, ndilibe mawu. Mulungu akudalitseni.

Wa ku Domasi, 15:20
Podikira kabazayo, ndiikepo mawu kwa amene muli ndi RAID ya pa khadi, kutanthauza yoyendetsedwa ndi khadi yapadera mu seva osati mdadm, monga PERC ya m'maseva a Dell kapena Smart Array ya HP, chifukwa kumeneko misampha yake ndi ina. Pa PERC, diski ikatuluka nkubwerera, kapena mukasamutsa madiski kupita ku seva ina, khadi imanena kuti yapeza foreign configuration ndipo imakupatsani Import kapena Clear. Clear imafufuta chizindikiro cha RAID pa madiskiwo. Kumalo ena kumene ndinkagwira ntchito, mnyamata wina anadina Clear poganiza kuti akuchotsa uthenga wosokosa, kenako anapanga gulu latsopano nkulichita initialize. Tinataya ntchito ya miyezi inayi. Ngakhale Import yomweyo muziyamba mwaona kuti diski imene mukuilowetsayo si yotsalira masiku ambiri.

China ndi kabatire ka pa khadi. Kamateteza zimene zili mu cache (posungira deta kwakanthawi isanalembedwe pa diski) magetsi akathima mwadzidzidzi. Kakatha mphamvu, khadi imasiya kugwiritsa ntchito cache polemba, seva nkuyamba kuyenda ngati kamba, anthu nkumati ndi vayirasi. Ena amaikakamiza kuti izigwiritsabe cache popanda batire kuti liwiro libwerere. Ndi mmene magetsi athu amachitira, kumeneko nkusewera ndi moto.

Wa ku Sadzi, 15:34
Zonsezi nchifukwa chake ine ndinasamukira ku ZFS, dongosolo lina losungira mafayilo lokhala ndi RAID yakeyake. Chidutswa chilichonse chili ndi checksum, nambala yotsimikizira kuti deta sinasinthe, ndiye malo akaola imadziwa, imakonza yokha ngati pali kope lina, ndipo ikakanika imakuuzani dzina la fayilo imene yaonongeka. Resilver, imene ndi rebuild ya ZFS, imangokopera malo okhala ndi deta, osati diski yonse. Pa seva ya achemwaliwa ikanawerenga gawo lochepa chabe. Komanso masamu akukana RAID 5 pa madiski akuluakulu: opanga madiski wamba amalemba kuti pakhoza kukhala cholakwika chimodzi pa mabiti 10^14 owerengedwa, kumene kuli pafupifupi 12.5 TB. Rebuild ya achemwali imayenera kuwerenga madiski atatu a 4 TB, 12 TB. Mukuona nokha.

Madala a ku Old Naisi, 15:50
ZFS ndi yabwino achimwene, sindikutsutsa, ine ndemwe ndili nayo kunyumba. Koma nambala ya 10^14 ija musaitenge ngati ulosi. Ndi malire amene wopanga akulonjeza kuti sapyola, si kuti pa 12.5 TB iliyonse cholakwika chichitika ndithu. Zikanakhala choncho, kuyendera kwa mwezi ndi mwezi, kumene kuli kuwerenga madiski onse pofufuza malo owola, bwenzi kukupeza zolakwika nthawi zonse, koma ine ndayendera madiski anga kambirimbiri osapeza kanthu. Chimene chapweteka mwanayu si masamu, ndi kusayendera. Ndipo ZFS yosachitidwa scrub (kuyendera kwake), yopanda womva ikalira, nayonso imagwa chimodzimodzi.

Mwanawe, Debian wakaleyo amayendera RAID yekha Lamlungu loyamba la mwezi, usiku. Seva yanu imakhala yoyaka Lamlungu?

Wa ku Chikanda, 15:54
Ayi bambo. Timazimitsa Lachisanu madzulo nkuyatsa Lolemba. Lamuloli ndinalipeza, amati nkuteteza seva ku ziphaliwali poti mabatire a UPS anafooka. Ndaonanso mu mdadm.conf, pa MAILADDR, pamene mdadm imatumiza machenjezo, pali imelo ya amene ndinawalowa m'malo. Anachoka zaka ziwiri zapitazo ndipo imeloyo inatsekedwa.

Madala a ku Old Naisi, 16:02
Ndiye seva yakhala ikukuwa masabata atatu m'nyumba yopanda anthu, ndipo kuyendera sikunachitikepo chiikireni. Kuyendera kuja kukanapeza malo owolawo madiski onse anayi akadali m'gulu, mdadm ikanawerengera deta yake kuchokera ku parity nkulembanso pamalopo, diski nkusamutsira malowo kwina. Umu ndi mmene RAID imadzichiritsira, koma imatheka pokhapokha gulu lili lathunthu. Si mlandu wako wekha, unalandira nyumba yodontha kale. Tikonza.

Wa ku Chikanda, 17:48
Diski yafika bwino. Ndanyamula zonse kupita kwa alamu anga ku Kalimbuka, ali ndi sola ndi inveta. Ndayatsa ndi SystemRescue, Linux yopulumutsira deta ya pa fulashi. ddrescue yayamba, ikuyenda pa 140 MB pa sekondi, ikuti pafupifupi maola 8. Ndaika fani pambali chifukwa diski yodwalayo ikutentha.

Mayi a ku Matawale, 17:52
Idyani nsima mugone chemwali. Kuyang'anitsitsa sikuwonjezera liwiro.

Wa ku Chikanda, Loweruka 05:20
Mwadzuka bwanji nonse. Tulo sindinatione kwenikweni, mvula inagwa yamphamvu cha m'ma 1 koloko ndipo ndimangodzuka kukaona. Gawo loyamba latha, 99.99 peresenti. Ndayambitsa lachiwiri. Apa ndiye diski ikulira mwachilendo, kuti tsee, tsee, kenako chete, manambala osasuntha. Ndiimitse?

Madala a ku Old Naisi, 05:41
Tadzuka mwanawe. Ngati ikungokanda pamalo amodzi nkupitirira, isiye, kuona maso a nkhono nkudekha. Koma ikayamba kugogoda mobwerezabwereza ngati wotchi, kapena kuzimiririka nkubwerera, imitsa pomwepo, zimene tapeza zatikwanira.

Wa ku Chikanda, 07:15
Yamaliza. Pa 28 KB zovuta zija yapulumutsa zina, zatsala 16 KB zimene zakanika.

Madala a ku Old Naisi, 07:38
Zabwino kwambiri. Tsopano mvetsera. Zimitsa, uchotse diski yodwalayo m'bokosi, uikulunge, uisunge pamodzi ndi ya mu dirowa ija. Izi nzofunika chifukwa kope lili ndi chizindikiro chofanana ndendende ndi mwini wake, ndipo zikakhala zonse ziwiri mdadm ikhoza kutenga yolakwika. Yatsopano ya ku Limbe nayonso ichotse kaye. Mutsale zitatu: yoyamba, kope, ndi yachinayi. Kweza timeout pa zakale ziwirizo.

Kenako mdadm --assemble --force --run /dev/md0 nkutchula zitatuzo. Iona kusiyana kwa 17 kuja, ikweza nambala ya kopeyo kuti ifanane ndi anzake, nkudzutsa gulu ndi miyendo itatu. Ikadzuka usathamangire kulitsegula mwachizolowezi. Ngati dongosolo la mafayilo ndi ext4, mount -o ro,noload, kuti ingowerenga osalemba ngakhale journal.

Wa ku Chikanda, 08:26
Yadzuka!!! [UU_U]. Mafoda onse ndikuwaona. Fayilo ya malipiro yatseguka, mayina onse alimo mpaka Lachinayi madzulo. Ndagwetsa misozi pamaso pa alamu anga.

Wa ku Chinamwali, 08:28
Eeeh zikomo Ambuye. Ndiye abwezeremo yatsopano ija rebuild iyambirenso?

Mayi a ku Matawale, 08:35
Ayi achimwene, rebuild ndi yomalizira. Madiski awiri akalewo ndi mapasa a imene yadwalayo, anagulidwa tsiku limodzi, agwira ntchito maola ofanana, atenthedwa mofanana. Palibe akudziwa kuti yotsatira igwa liti. Choyamba deta ituluke. Chemwali, yambani ndi malipiro ndi makalata, muike pa fulashi ndi pa laputopu pompano. Kenako mukopere zonse ndi pulogalamu ya rsync.

Wa ku Chikanda, 08:39
Ndikopere kuti mayi? Ya bakapu ya Novembala ndi ya 2 TB, ndipo sindikufuna kuifufuta.

Madala a ku Old Naisi, 08:51
Usaifufute ndithu. Tsopano ya ku Limbe ija yamasuka. Dzulo ndinati ikhale kaye chifukwa inali ndi 71 peresenti ya zimene zinamangidwanso, ndipo kope likanakanika chakumayambiriro tikanazifuna. Koma kope lawerenga chigawo chonsecho popanda vuto, malo owola ali kutsogolo kwa pamene rebuild inaimira. Ndiye ilibenso chimene tikuchisowa. Ilumikize pa kompyuta ina, utsimikize serial, uichite --zero-superblock, uifomate, ukopereko 2.6 TB yako.

Chinthu chimodzi usaiwale. Pa 16 KB zija, kope lili ndi mabowo, ndipo RAID sikudziwa, ikuwerenga ngati deta yabwino. rsync sidandaula. Mwina mabowowo agwera pamalo opanda fayilo, mwina ayi. Pali njira yodzaza mabowowo ndi mawu odziwika pogwiritsa ntchito --fill-mode ya ddrescue, kenako nkufufuza mawuwo m'mafayilo. Koma siigwira zonse: bowo likagwera pa parity, chimene chimaonongeka ndi chidutswa cha diski yosowayo chimene chikuwerengeredwa kuchokera pamenepo, ndipo mawu aja saoneka. Ndiye ufananizenso ndi bakapu ya Novembala. Fayilo yakale imene deti lake silinasinthe koma mkati mwake mwasiyana, imeneyo ndiye yolumidwa.

Wa ku Chikanda, Lamlungu 16:10
Ndangochokera ku tchalitchi nkupeza kufananiza kwatha. Mafayilo awiri ndi amene asiyana. Ina ndi zip ya malipoti a 2021, ndaitenga yabwino pa bakapu. Inayo ndi vidiyo ya tsiku la alimi kwa Jali, nayonso ili pa bakapu. Za pambuyo pa Novembala zilibe pofananizira, ndiye mafayilo a malipiro ndi a akawunti ndawatsegula imodziimodzi ndi maso, onse ali bwino. Zithunzi za Disembala ndi zambiri, ndipempha anzanga aziona mawa aliyense zake.

Funso langa tsopano: ndimange chiyani? Abwana ati ndilembe zimene zikufunika, aona zimene angakwanitse.

Wa ku Sadzi, 16:22
RAIDZ2, imene ndi RAID 6 ya ZFS, pa madiski anayi, nkhani yatha.

Wa ku Domasi, 16:31
Kapena RAID 10, mmene madiski amakhala awiriawiri ngati kalilole, rebuild yake ndi yachangu chifukwa imangokopera kuchokera kwa mnzake mmodzi. Koma dziwani kuti zikafa ziwiri za banja limodzi zonse zapita, pamene RAID 6 imapirira ziwiri zilizonse. Pa madiski anayi onsewa akupatsani 8 TB. Pogula muonetsetse kuti kalembedwe ka diskiyo ndi ka CMR osati SMR. Mu 2020 kunali phokoso lalikulu zitadziwika kuti madiski ena a WD Red anali a SMR, amene amachedwa kwambiri akamalembedwa mosalekeza ngati pa rebuild. Pambuyo pake a CMR anawapatsa dzina la Red Plus. Wogulitsa sangakuuzeni, onani nambala ya model nokha pa intaneti musanalipire.

Mayi a ku Matawale, 16:58
Ine ndiona mosiyana pang'ono. Deta yanu ndi 2.6 TB patatha zaka zisanu. Simukufunika 12 TB, ngakhale 8. Madiski awiri abwino pa RAID 1 akukwanirani, ndipo tsiku la tsoka diski imodzi yokha imakhala ndi zonse, palibe masamu. Ndalama imene mukanagulira madiski enawo ipite ku mabatire a UPS ndi madiski awiri akunja a bakapu, osinthanasinthana sabata ndi sabata, ina izigona kunja kwa ofesi. Makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi kutali. RAID siiteteza munthu akafufuta foda molakwitsa, kapena ransomware (vayirasi yotseka mafayilo nkumafuna dipo) ikalowa, kapena mphezi ikaomba, kapena akuba akanyamula bokosi lonse. Zimene mwafufuta apa zimafufutika pa madiski onse nthawi yomweyo. Malipiro ndi makalata okha ndi ochepa, amenewo akhoza kumakweranso pa intaneti usiku ngakhale bandulo ili yodula.

Pa pepala la abwanalo, mabatire alembeni pamwamba. Akuluakulu amadula kuchokera pansi.

Madala a ku Old Naisi, 17:20
Ndili mbali ya mayi. Ndingowonjezera ziwiri zosafuna ndalama. Sintha MAILADDR ikhale imelo ya ofesi imene anthu awiri amaiona, osati ya munthu mmodzi, ndipo uyese ndi mdadm --monitor --scan --test --oneshot mpaka uthenga ufike pa foni yako. Usakhulupirire kuti ikugwira usanauone. Uyatsenso smartd, pulogalamu yolondera thanzi la madiski, kuti izikuuza 197 ikangochoka pa 0. Chachiwiri, ngati muzizimitsabe kumapeto kwa sabata, samutsa kuyendera kuja kukhale pakati pa sabata. Pamanja ndi echo check > /sys/block/md0/md/sync_action.

Ya mu dirowa ija, zonse zikakhazikika, uiyese ndi smartctl -t long pa chingwe chatsopano. Ikapambana ikhoza kukhala imodzi mwa za bakapu, koma osati yokhayo.

Wa ku Chikanda, Lolemba 10:05
Malipiro apita ku banki m'mawa uno. Anthu akugwira ntchito kuchokera pa diski ya ku Limbe pongoyembekezera, ndipo madzulo aliwonse ndizikopera zosintha ku laputopu. Abwana avomera mabatire ndi diski imodzi mwezi uno, ya bakapu ina mwezi wa mawa. Uthenga woyesera wafika pa foni yanga ndi ya a akawunti, anabwera akuthamanga kudzafunsa ngati seva yagwanso.

Mayi a ku Matawale, diski yanu ndiisunge mpaka Lachinayi RAID 1 ikamalizika? Ndikufuna gulu lakale likhalebe lodzuka kufikira nditaona makope awiri ndi maso anga. Ndidzabweretsa ndekha, sindituma wakabaza.

Mayi a ku Matawale, 10:11
Sungani mpaka mutakhutira chemwali. Musanabweze muifufute yonse, muli malipiro a anthu mmenemo. Mukamabwera mudzandiimbire mukafika pa msika, ndidzatuma mwana adzakulondolereni.

Wa ku Thondwe, 10:19
Achemwali a ku Chikanda, Lachinayilo ndingabwere kudzaonerera mukamamanga? Sindinaonepo mdadm ikugwira ntchito pa seva yeniyeni. Kalasi yanga ikutha 11 koloko.

Wa ku Chikanda, 10:22
Bwera, ndipempha chilolezo kwa abwana. Utenge kope ndi cholembera, udzalemba ma serial ndiwe.